Tambala Amene Yakubu Anasiya

Yakubu popita ku migodi ya ku Joni mu 1971 anasiyira mkazi wake Rahila zinthu zitatu: bwato lobooka, lonjezo loti abwera mvula ikagwa kawiri, ndi tambala wofiira. Bwato linaola, mvula inagwa katatu, makalata anasiya kubwera. Tambala yekha ndiye anakhalabe, akunyada pakati pa mathadzi anayi pabwalo la nyumba yawo ku Liwaladzi.

Rahila ankamukonda tambalayo, tisabise. Akalira m'bandakucha, kumzikiti asanaitanire swala, iye ankakhala kaye pamphasa ali chitsinzinire, n'kumaona Yakubu akukwera njira yochokera kunyanja, nkhafi paphewa, mapazi osasiya chizindikiro pamchenga. Yakubuyo ankafika mpaka pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Tambala akasiya kulira, nayenso ankazimirira.

Mu Okutobala wa chaka chachitatu kunatentha kwambiri, mphepo n'kuima. Ng'ona inagwira mbuzi padziwe pomwe amayi ankaviika chinangwa chowawa cha kondowole, ndipo Rahila, amene sanali munthu wolimba mtima, anayamba kuviika chake mumgolo wodula pansi pa mango uja. Chikafewa ankapendeketsa mgolo, madzi otuwa onunkha n'kuima pansi ngati kachithaphwi. Tsiku loyamba anaona tambala akudzandira pafupi pomwepo ngati wachokera kumowa, ndipo anamuseka. Pofika madzulo anali bwino.

Kuyambira pamenepo tambala anasanduka wina. Thadzi likangolowera kuseri, iye ankalithamangira, kulijompha, kulizula nthenga mpaka lithawe likulira. Ngakhale Rahila yemwe, tambalayo anamutema pamsongolo tsiku lina akupendeketsa mgolo, magazi n'kutsikira kuchidendene.

Kenaka mathadzi anayamba kufa. Loyamba analipeza masana, khosi litatambasuka, lopanda bala lenileni. Lachiwiri chimodzimodzi, patapita masiku anayi. Sichinali chitopa, pakuti nkhuku za anansi zinkangoyenda zili gwa. Nyama yodzifera siidyedwa, choncho Rahila ankakumba dzenje n'kukwirira, mtima ukumupweteka. Lachitatu linafa msana uli mbee, nthenga zitazulidwa.

A Abasi, mkulu wake wa Yakubu, anabwera kudzaona. Anali munthu wodziwa chilichonse asanafunse. Anatembenuza thadzi lakufa ndi ndodo, n'kuyang'ana bala la pamsongolo pa Rahila.

"Alamu, wakupha muli naye pakhomo pompano," anatero. "Tambala uyu azingidwe."

"Ndi wa ang'ono anu," anayankha Rahila motsitsa mawu. "Akabwera ndidzati chiyani?"

"Mudzati anatha nkhuku zanu. Mwatsala ndi imodzi. Mukufuna mpaka aphe imeneyo?"

Rahila anapempha tsiku limodzi. M'mawa mwake anamvetsera tambala akulira, ndipo Yakubu anakwera njira ija monga mwa masiku onse, koma ulendo uno anaima pamango nthawi yaitali, akuyang'ana pansi, osati kwa iye. Rahila anaganiza kuti mwamuna wake akuchita manyazi ndi tambala wake.

A Abasi anabwera ndi mpeni dzuwa litakwera. Rahila anagwira miyendo ndi mapiko, iwo anatembenukira kumpoto, kunena Bisimilahi, basi. Tambalayo anali wopepuka kuposa mmene ankaonekera. Rahila anaphika bwinobwino, koma anatumiza mphika wonse kwa alamu ake.

Tsiku lotsatira masana anavuula chinangwa, kupendeketsa mgolo, n'kukakhala pakhonde lakuseri. Kunali zii. Kutentha kunkavinitsa mpweya pamwamba pa mchenga, ndipo tulo tinkamubera pang'onopang'ono. Ali pakati pa kugona ndi kudzuka, anaona thadzi lotsala lija likubwera, kukamwa kuli yasa ndi ludzu. Linaima, kuyang'ana uku ndi uku ngati likudikira kukalipiridwa. Panalibe wolikalipira. Linafika pachithaphwi, kuviika mlomo, kukweza mutu kumwamba, kuviikanso, mwaulemu ngati mlendo amene wapatsidwa madzi.

Rahila anaona kuti n'zokongola. Anapitiriza kuyang'ana mpaka thadzi linatembenuka kuti lizipita, n'kudzandira. Kudzandira kumeneko anali atakuonapo, ndipo anali atakuseka.

Anadzuka, kuthamanga, kulinyamula, kulithira madzi abwino a mumtsuko kukamwa. Linafera m'manja mwake, khosi litatambasuka ngati anzake aja. Pamsana pake nthenga zatsopano zinali zitayamba kumera pomwe tambala anazula polithamangitsa kuti lisamwe.

Sanalire nthawi yomweyo. Anatenga khasu, kukwirira chithaphwi ndi mchenga wambiri kuposa umene unkafunika, ngakhale panalibenso nkhuku yoti imwe. Atamaliza anakhala pansi, n'kugwira bala lija la pamsongolo, ndipo chisoni ndi manyazi zinamugwera pamodzi.

M'bandakucha mawu oitanira swala anabwera okha kuchokera kumzikiti, popanda chowatsogolera. Rahila anakhala pamphasa ali chitsinzinire, akudikira. Njira yochokera kunyanja inaoneka bwinobwino, mchenga wake, udzu wake, mango kumapeto kwake. Panalibe munthu wokwera.