Misa Imodzi Yokha

Kapela ya m'mudzi wa Beatriz, m'boma la Ngauma, inali imodzi, koma Misa zinkachitika ziwiri. Yam'mawa inali ya mabanja amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Iwo ankapemphera m'Chinyanja, ndi ng'oma, visekese, ndi atsikana ovina amene ankatsogolera chopereka kupita kuguwa. Dzuwa likakwera kunkabwera aphunzitsi, anamwino ndi amalonda ochokera ku Cuamba ndi ku Mandimba. Awa ankapemphera m'Chipwitikizi, ndi limba la magetsi, ndipo ankakonda kugwada nthawi yaitali ali chete. Magulu awiriwa ankakumana pakhomo, ena akutuluka ena akulowa, n'kupatsana moni mwaulemu, basi.

Beatriz ndiye ankayimbitsa kwaya yam'mawa, ndipo mwamuna wake Samsoni ankayimba ng'oma yaikulu. Onse awiri anathawira ku Malawi ali ana, anabatizidwira komweko, ndipo nyimbo zonse zimene ankadziwa anaziphunzira pamodzi ndi anzawo othawa nkhondo. Samsoni sanali munthu wa mawu ambiri. Kumunda ankalima ali duu, kunyumba chimodzimodzi. Koma akakhala pa ng'oma, manja ake ankalankhula mpaka thukuta kamukamu.

Zinthu zinasintha pamene wansembe wachikulire wa kumishoni anadwala, n'kupita kwawo osabwereranso. Padiri Filipo, wansembe wachinyamata wa ku Cuamba, anatsala yekha ndi makapela onse a m'deralo. Lamulungu lina anaitana Beatriz pamodzi ndi aphunzitsi a Jossias, amene ankatsogolera kwaya ya Chipwitikizi.

"Mayi Beatriz, aphunzitsi, mundikhululukire," anatero. "Ndatsala ndekha. Kuno ndizibwera kamodzi pamwezi, ndipo ndikamaliza ndizithamangira kapela ina. Misa ikhala imodzi yokha."

"M'chilankhulo chanji, abambo?" anafunsa Jossias.

"N'chimene ndakuitanirani. Mukhale pansi awirinu, muone mmene tingachitire."

Anayamba kukumana Loweruka masana, makwaya onse awiri. Sizinayende. Limba likayamba, ng'oma zinkalimiza. Ng'oma zikachepetsa mawu, atsikana ovina ankasowa popondera. Jossias sanali munthu woipa, anayesa ndithu kuphunzira nyimbo ya Chinyanja, koma lilime linamupotokera pa mawu ena, atsikana n'kuseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanayesenso. Beatriz naye Chipwitikizi chake chinali chogulitsira tomato pamsika. Akachiyesa m'pemphero, ankamva ngati wavala nsapato za munthu wina.

Namwino wina dzina lake Emília ananena poyera kuti iye sangathe kupemphera m'phokoso. Mayi wina wa Misa yam'mawa anamuyankha kuti kwawo anthu amakhala chete pamaliro pokha. Anabalalika osatsanzikana.

Padiri Filipo atamva zimenezi anabwera ndi maganizo ake. Anati mawu a Mulungu aziwerengedwa mosinthana, ulaliki ukhale m'zilankhulo zonse ziwiri, koma nyimbo zikuluzikulu za Misa ziziyimbidwa m'Chilatini.

"Chilatini si cha wina aliyense wa ife," anatero. "Palibe amene adzanene kuti wagonjera mnzake. Ndipo musaganize kuti vutoli ndi lathu lokha. Ngakhale kumayiko akutali Akatolika akukokanakokana, ena akufuna Misa yakale, ena yatsopano. Mwina mtsogolo muno onse adzakumana pakati, ngati mmene tikuyeseramu."

Anawonjezera kuti ng'oma zizimveka polowa ndi pa chopereka pokha. Kuyambira pamene wansembe ayamba pemphero lalikulu mpaka anthu atalandira Ukaristia, onse azigwada, ndipo kuzimveka belu lokha.

Samsoni, amene anali atakhala kumbuyo, anakweza mutu. Pa Misa yam'mawa, wansembe akakweza mkate ndi chikho, iye ankagunda ng'oma pang'onopang'ono, anthu n'kumaomba m'manja mwaulemu monga polandira mlendo wamkulu.

"Abambo," anatero, "ndiye kuti Ambuye akamafika paguwa, ife tizingowayang'ana?"

"Tiziwalandira ndi mtima, a Samsoni."

Samsoni anaweramitsanso mutu.

Beatriz analonjeza kuti aphunzira nyimbo za Chilatinizo. Jossias ankamuyimbira mzere umodzi, iye n'kubwereza, mpaka mawu achilendowo anakhazikika. Ankawayimba akupalira chimanga, akutunga madzi, koma akaona mwamuna wake akubwera ankasiya.

Tsiku la Misa imodzi lija kapela inadzaza, ena anaima m'mawindo. Polowa zinayenda bwino, ng'oma ndi limba zinapirirana. Koma itafika nyimbo ya Chilatini, mawu anachepa ngati madzi a m'chitsime mwezi wa Okutobala. Ankayimba Jossias, Emília, Beatriz ndi ena ochepa, khamu lonse likungoyang'ana. Ulaliki unatalika chifukwa chonenedwa kawiri, makanda n'kuyamba kulira. Padiri Filipo atakweza mkate, belu linalira, ndipo mayi wina wokalamba anayamba kuomba m'manja mwachizolowezi. Anaomba kawiri, n'kuzindikira kuti ali yekha, n'kubisa manja m'chitenje. Beatriz anacheukira kwa mwamuna wake. Samsoni anali atagwada pambali pa ng'oma yake, manja atawapanikiza pakati pa mawondo.

Potuluka palibe amene anakangana. Emília anangouza Jossias, Beatriz akumva, kuti mwezi wamawa akwera shapa, minibasi yonyamula anthu, kukapemphera ku Mandimba, kumene kuli Misa ya Chipwitikizi chokhachokha.

Mwezi wotsatira, m'mawa wa Lamulungu, Beatriz anapeza Samsoni akupopa njinga pabwalo, atavala malaya ake oyera.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Kutsidya. Kuli tchalitchi chosatalikira malire. Ndamva kuti woyimba ng'oma wawo akudwala dzanja."

"Lero abambo Filipo akubwera kuno."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ine ndikaime kutsogolo kwa anthu, malo anu ali opanda munthu?"

"Inu munalonjeza, kakwaniritseni. Ine sindinalonjeze kanthu." Anamaliza kupopa, kenako anati, "Sindikudana ndi abambo. Koma kuja ndinagwada ngati mlendo m'nyumba imene ndinaumba nawo njerwa zake."

Anakwera njinga. Panjira yodutsa m'minda yopita ku Malawi anamutsatira mabanja ena angapo, akazi atabereka ana kumsana.

Tsiku limenelo m'kapela munali malo okwanira aliyense. Misa itatha, Padiri Filipo anachedwa kukwera njinga yake yamoto. Anaima ndi Beatriz pakhonde, nkhope itagwa.

"Mayi, kodi ndalakwitsa?"

"Sindikudziwa, abambo. Mukanasankha Chinyanja, aphunzitsi akanachoka. Mukanasankha Chipwitikizi, tikanachoka ife tonse."

"Ndiye ndasankha chochotsa mbali zonse ziwiri."

"Ena tatsala," anatero Beatriz. Anafuna kumulimbitsa mtima, koma mawuwo anatuluka ofooka.

Inapita miyezi zinthu zili choncho. Mvula itasiya, mwana wawo wamkazi Suzana anabweretsa nkhani ya ukwati. Mnyamatayo anali Jonas, mphunzitsi wa ku Cuamba, mmodzi wa oyimba a Jossias. Awiriwo anadziwana pa maphunziro a nyimbo a Loweruka aja. Ankhoswe anagwirizana zonse mosavuta, kupatula malo odalitsira ukwati. Samsoni anafuna kutsidya. Makolo a Jonas anati sangadutse malire kukamvera Misa imene sakuimva ngakhale liwu limodzi. Suzana analira masiku angapo, n'kuuza mayi ake kuti ngati zili choncho angolowana popanda tchalitchi.

Beatriz anakwera njinga kupita kumishoni. Anafika miyendo ili mbuu ndi fumbi, n'kufotokoza zonse.

"Mwamuna wanga sangakhale manja ali pamawondo pa ukwati wa mwana wake, abambo. Muloleni tsiku limodzi lokha."

Padiri Filipo anati, "Ndikalola pa ukwati uwu, ena adzapempha pa ubatizo, ena pamaliro, ndipo tidzabwerera pamene tinayambira. Koma ndikakana, nditaya banja lonse." Anapukusa mutu. "Auzeni abwere ndi ng'oma yawo."

Ukwati unadalitsidwa m'kapela momwemo. Wansembe atakweza mkate, Samsoni anagunda ng'oma yake pang'onopang'ono, ndipo mbali ya akuchikazi inaomba m'manja. Mbali ya akuchimuna inagwada chete, mitu ili pansi, ena atatsinzina ngati akupirira. Beatriz ataima pakati anayang'ana uku ndi uku, osadziwa ngati chimene akuonacho chinali pemphero limodzi kapena awiri. Anayambitsa nyimbo ya Chilatini pa nthawi yake, ndipo Suzana ndi Jonas anaiyimba bwino kuposa onse.

Kumadyerero Jossias anapita kukagwira Samsoni chanza, n'kumuuza m'Chinyanja chake chopotoka kuti ng'oma inamveka bwino. Samsoni anathokoza mwaulemu. Beatriz ataona zimenezo anayamba kukhala ndi chiyembekezo chakuti mwamuna wake abwerera kukapela.

Koma Lamulungu lotsatira la Misa, Samsoni anadzuka m'mamawa n'kupita kutsidya monga kale. Suzana anali atapita ndi mwamuna wake ku Cuamba. Beatriz anatseka chitseko, n'kuyenda yekha kupita kukapela. Anapeza Jossias akulumikiza limba ku batire, ndipo awiriwo anayamba kukambirana nyimbo yolowera, akudikira kuona kuti lero kubwera anthu angati.