Mawondo a Buluku la Bizwick

Bizwick anabwera kuchokera ku Joni nkhondo itangotha, atavala chinthu chimene anthu a ku Nsaru anali asanachionepo: buluku labuluu la nsalu yokhuthala ngati chikopa, imene ana a lero amati jinzi. Ankalikonda koopsa, ndipo akamayenda linkalira kwasakwasa.

Atakwatira Felesita analowa chikamwini. Vuto linali apongozi ake, a Magdalena. Paja mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ndiye mayiwa ankayesa akamwini awo poona mabuluku oyanikidwa pampanda. Buluku long'ambika m'mawondo, mwini wake ndi mlimi. Akamwini awiri oyamba, amuna a akulu ake a Felesita, anapambana mayeso amenewa mosavuta, poti kaki sachedwa kutha.

Kunena zoona, Bizwick sanali waulesi. Ankagwada m'nazale ya fodya tsiku lonse, kuzula udzu ndi kuthirira. Koma buluku lija linali losamva. Miyezi itatu inatha mawondo ake ali gwa.

"Felesita, amuna akowa ndi a pamkeka," anatero a Magdalena. "Tikaoka fodya abwerere kwawo ku Kabudula."

"Amayi, amalima ndithu. Nsaluyo ndi yolimba chabe."

"Nsalu yoposa nthaka? Usandiseketse."

Felesita anachita mantha, chifukwa mwamuna wakeyo ankamukonda. Loweruka anatenga buluku lija kumtsinje pamodzi ndi mwala wake wokhulira zidendene. Anakhula mawondowo mpaka anayera, anakhulabe mpaka ulusi unalekana.

Bizwick atalipeza pampanda anangoti kakasi. Mtima unamuwawa kwambiri.

"Kodi mwalitani buluku langa? Zaka ziwiri ndili nalo pansi pa mgodi, inu n'kulimaliza tsiku limodzi?"

"Pepani bambo," anatero Felesita. "Koma munafuna mukaligoneke pambali panu ku Kabudula, eti?"

Bizwick analowa m'nyumba.

Posakhalitsa a Magdalena anatulukira. Anaima pampanda paja, n'kupisa zala ziwiri m'chibowo cha bondo lakumanja, kenako chakumanzere. Anagwedeza mutu mwachisoni, ndipo analankhula mokweza kuti wam'nyumbayo amve.

"Felesita, munthu amene wang'amba chinsalu ngati ichi si wom'sekerera. Mawa uwagwirire nkhuku, ndipo uwauze azipumako. Angatifere pamudzi pano mwana wa eni."