Mbewu ya Apongozi Anga

Ndinabwerako ku migodi ya ku Broken Hill mu 1954 ndili ndi njinga, nyundo ziwiri ndi matama odzaza thumba. Ndinakakhala chikamwini kwa Mlolo, kwawo kwa mkazi wanga Lonia, n'kumagwira ntchito yosula makasu ndi nkhwangwa.

Chimene chinkandiwawa ndi zala za Lonia. Nyengo yoswa mtedza ikafika, zinkang'ambika mpaka ankalephera kugwira mtsuko. Ndiye ndinadula mgolo pakati, pansi pake n'kuboola mabowo, pamwamba n'kuika thabwa la mano loti lizipekesa mtedza munthu akamapukusa. Tcheni ndinachotsa ku njinga yanga. Kuyambira pamenepo ndinkayenda wapansi, anthu n'kumandifunsa ngati njinga yadwala.

Makinawo anaswa dengu lathunthu fodya wanga asanathe. A Mailosi, mlimi wa ku Pembamoyo, ataona anati ndiwapangire awo, ndipo akawayendera bwino anzawo asanu adzafunanso. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti kupanga chako n'kusewera, ntchito ndi kupangira wina. Migolo inali ku Fort Jameson, matcheni ankasowa, mbuzi zanga zonse zinathera komweko.

Patangopita sabata nditawapereka, makina a a Mailosi anabwerera pangolo.

"A Zakeyu," anatero a Mailosi, "ine n'nafuna choswa nsawa, osati mtondo. Onani nsinjiro zimene mwanipangira."

Vuto linali langa. Mabowo ndinayezera kamtedza kakang'ono ka m'munda mwanga, pamene iwo ankalima chalimbana, mtedza waukuluukulu uja ogula ankaufuna wosasweka. Anandipatsa mpaka mvula yoyamba kuti ndikonze.

Koma unali mwezi wa Okutobala. Chalimbana yense anali atagulitsidwa, yotsala inali mbewu basi, ndipo m'mudzi mwathu amene anali nayo ndi apongozi anga, aNambewe. Mwa mwambo wathu, ine ndi iwo sitinkayankhulana. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, minga kapena ayi. Munthu wotere ungamupemphe bwanji mbewu yoti ukaphwanye? Sindinapemphe.

M'mawa wina ndinapeza dengu la chalimbana pafupi ndi mvukuto wanga.

"Amayi akuti muyesere," anatero Lonia. "Ali nawo madengu atatu chabe. Koma mudziwe kuti yosweka simera. Mukaitha mbewuyo, amalume akusonyezani njira ya kwanu, ndipo ine sin'dzatha kukuletsani."

Ndinakuza mabowo moyerekeza ndi maso. Theka la dengulo linasweka. Lachiwiri linabwera, ine n'kuwakuzanso. Tsopano mtedza unkangogwa ndi makoko ake, ndipo nditathinitsa thabwa unaphwanyikiratu. Ndinaponya nyundo kutali, mgolo n'kuutukwana mpaka nkhuku zinathawa. Mantha anandigwira kwenikweni. Ukwati wanga unali utatsalira m'dengu limodzi.

Ndinati lachitatulo asabweretse. Linabwerabe. Koma mtedza wake unali wosankhidwa m'malichero atatu: waukulu, wapakati ndi waung'ono, ndipo makoko anali achinyezi. Pamwamba panali chibenthu cha chikho chokhala ndi mabowo atatu osiyana, owotcha ndi msomali wamoto.

"Masiku onsewa amayi amakhala kuseli kwa nkhokwe kumvetsera," anatero Lonia. "Akuti kulira kwa makina anu kumawauza kuti mukuswa youma. Kodi simuona kuti ife timayamba tawaza madzi? Akutinso nsawa si ana amapasa kuti zonse zidutse bowo limodzi."

Zaka zonsezo ndinkaona azimayi akuwaza madzi pamtedza, ine n'kumayesa akuchotsa fumbi. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Ndinasula masefa atatu osinthasintha, ndikuyezera pa chikhocho. Nditapukusa, mtedza unagwa wathunthu, khungu lake lofiira losasupuka. Ndinakhala pansi n'kumangouyang'ana.

A Mailosi analandira makina awo mitambo itayamba kuda, ndipo chaka chotsatira anthu ankandipeza kuchokera ku Chadiza konse. Koma chaka chimenecho munda wa apongozi unadzalidwa mbali imodzi yokha. Kwina konse kunamera udzu, ndipo aliyense wodutsa ankadziwa chifukwa chake.

Ndinapita kukathokoza. Ndinagwada kuseli kwa nkhokwe, nkhope kuyang'ana kumbali, n'kuwomba m'manja. Mawu ndinapatsira Lonia kuti ndidzabweza mbewu yonse ndi kulima mundawo mpaka nditakalamba.

Iwo anayankhira mwana wawo, koma mokweza kuti ndimve ndekha.

"Muuze mwamuna wako kuti mbewu si n'napatse iye. N'naona zala zako."

ANambewe anamwalira tisanayang'anane m'maso n'kamodzi komwe. Chikho chija ndimachisunga m'bokosi la zida, ndipo sefa iliyonse yotuluka m'manja mwanga ndimaiyezera pomwepo.