Khola la Pansi pa Mkuyu

Tsiku lomwe ndinkachoka kumudzi kukaphunzira, bambo adandiimika m'khola mwawo, pansi pa mkuyu. "Ukadzabwera, ng'ombe zako zidzagone pano pomwe pamagona zanga." Ndidalonjeza. Ndinkati ndikakhala zaka zitatu. Zidakwana makumi awiri ndi zisanu, ndipo za maliro awo ndidamvera pa foni.

Nditabwera ndidapeza khola lidatha kalekale, wondizindikira ndi mkuyu wokha. Ndidagula ng'ombe zinayi, n'kuyamba kukumba maenje a mizati. Pa dzenje lachitatu khasu lidagunda fupa.

"Achimwene, siyani!" adakuwa mlongo wanga. "Mabuku onse mudawerenga aja, osadabwa kuti pamenepo palibe amalimapo? Mutangochoka, ng'ombe za bambo zidafa zisanu sabata imodzi, magazi akuda akutuluka m'mphuno. Tidazikwirira pomwepo."

"Osandilembera bwanji?"

"Munkayankha makalata inu?"

Ndidati zimenezo zidawola kale. Iye sadalimbane nane, adangoitana alangizi a ziweto.

Alangiziwo adali mayi woti pamene ndinkachoka adali asanabadwe. Adaima patali ndi maenje aja, n'kuyamba kundiyang'ana m'manja ngati muli bala.

"Bambo, zizindikiro zomwe wanena mlongo wanuzo ndi za matenda a anthirakisi. Nyama imawola, koma tizilombo take timagona m'nthaka ngati njere, zaka makumimakumi. Mukakumba ndiye mwatifukula. Mvula itimwaza pa msipu, ng'ombe zidya, basi. Anthunso amadwala."

"Koma ndidalonjeza malemu."

"Ndikumva, bambo. Pepani. Komatu mukamanga pano, mudzakwiriranso zanu pambali pa zawo."

Ndidaika khasu pansi.

"Fotserani maenjewa, mutchinge malo onsewa," adapitiriza. "Katemera chaka chilichonse. Chiweto chikafa mwadzidzidzi osachisenda, osachidya, osachigulitsa. Tiitaneni. Ndipo mukaona pakhungu panu chilonda chakuda pakati, thamangirani kuchipatala. Pomwe padakwiriridwa chiweto chotere sipakumbidwa. Nthaka siiwala."

"Mwamva, aphunzitsi?" adatero mlongo wanga, akundipatsa sopo.

Tidafotsera tsiku lomwelo, ndipo sabata isanathe ng'ombe zidabayidwa katemera. Nyengo ya mvula yadutsa kawiri chichitikireni zimenezi. Ng'ombe zija tsopano zilipo zisanu ndi imodzi, zonenepa bwino, ndipo zimagona kumtunda, kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga.

Pansi pa mkuyu pali mpanda wa waya. Ng'ombe zanga sizidagonepo, ndipo sizidzagonapo.