Chogwirira cha Paipi

Phazi la bambo linali m'malere. Linafufuza popondera pa galimoto, silinapapeze, linabwerera pansi. Kachitatu tsopano.

Mwana wawo wamkazi, telala, anawagwira m'chiuno. Shopu yake anali ataitseka, monga ankachitira Lachiwiri lililonse, kuti apite nawo kuchipatala ku mafizo. Chiwagwirereni sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa.

Mchimwene wake wamkulu anaima chapatali, makiyi akuzungulira pachala. Anali atafika dzulo lake ndi galimoto yatsopano: yakuda, yaitali, matayala ofika m'ntchafu. Yakale ija, kaminibasi ka banja, anakaisiya kwa wogulitsa magalimoto posinthanitsa. Sanafunse munthu.

"Chibokosi chija chinkatichititsa manyazi, chemwali," anatero. "Utsi ngati akuwotcha zinyalala. Iyi ili ndi kamera kumbuyo. Mipando yachikopa, yotenthetsa ndi msana womwe."

"Msanawo ufike kaye pampandopo, achimwene."

"Nsanje basi."

Chibokosicho telala ankachidziwa. Chinali chachifupi, chosavuta kukwera. Chitseko chokoka, chotseguka mpaka kumapeto. Mpando wapakati anaumasula yekha ndi sipanala kuti njinga ya olumala ya bambo izilowa osaipinda. Pakhomo, chakumanzere, anawotcheretsa kapaipi kokhota. Bambo ankakagwira ndi dzanja lamoyo lija, n'kudzikoka, n'kukhala. Okha. Pa zonse zimene ankachita kale, chimene chinawatsalira chinali chimenecho.

"Tingowanyamula," anatero mchimweneyo. "Iwe kumiyendo, ine m'khwapa."

Anawanyamula. Mutu unagunda pamwamba pa khomo, chipewa chinagwa. Buluku linatsetsereka. Mayi wa nyumba yoyandikana, amene ankayanika zovala, anachedwa kuyang'ana kumbali.

"Nditsitseni," anatero bambo. Mawu ankatulukira mbali imodzi ya kamwa, koma anamveka. "Sindine thumba la simenti."

"Muzolowera, bambo. Tigula kampando kopondera," anatero mchimweneyo.

"Njinga yanga."

Anawakhazika panjingapo. Bambo anadzikankha ndi phazi limodzi mpaka m'nyumba. Sanacheuke.

Telala anatola chipewa, n'kuchisasa fumbi. Kenako anatambasula dzanja. "Makiyiwo."

Kwa wogulitsa magalimoto anafika dzuwa lili pamutu. Anayenda mzere wonse kawiri. Chibokosi panalibe.

"Chinapita dzulo lomwelo, mayi," anatero wogulitsayo, akutokosa m'mano. "Anachitenga wina wopenta nyumba. Zoterozo sizigonera. Koma mwapindulatu inu. Mwachoka pa bulu mwakwera hatchi."

"Panali kapaipi pakhomo."

"Tinakadula. Kankaipitsa galimoto."

Anamulozera mulu wa zitsulo kuseri kwa ofesi. Telala anagwada, anafukula, anakapeza. Pakati pake penti inali itatha, chitsulo chikuwala, pomwe pankagwira dzanja la bambo.

Anadzera kwa wowotcherera amene anaika kapaipiko pachibokosi chija. Mkuluyo anatsegula chitseko cha galimoto yatsopano, anagogoda apa, anagogoda apo, n'kupukusa mutu.

"Pulasitiki yokhayokha, mayi. M'kati muli mawaya. Ndikangoyatsa moto apa, mundimangitsa."

Lachisanu mchimwene uja anabwerera kuntchito kwake. Asananyamuke anajambulitsa ataitsamira galimotoyo, n'kutumizira abale onse.

Lachiwiri linafika. Telala anasita malaya a bambo, n'kukawaika pabedi. Bambo anawayang'ana, kenako anayang'ana pawindo. Panja galimoto inali kunyezimira.

"Kasoke, mwanangu," anatero. "Makasitomala akudikira."

Kapaipi kaja kanali pamiyendo pawo, dzanja lamanzere litakafumbata.

Tsiku limenelo telala anatsegula shopu. Lachiwiri loyamba pa zaka ziwiri.