Mtanda wa a Rafaelo Udatsala M'mbuyo

A Timoteyo adali kukoka mphira womaliza pa kaliyala ya njinga yawo pamene Kingsley adafika pa njinga yamoto n'kuima pafupi, utsi n'kuwalowa m'mphuno. Pakaliyalapo adali atamangapo mtanda wa paini umene adakhoma okha dzulo lake, dzina la mnzawo Rafaelo litalembedwa ndi penti yoyera. Bokosi linali litakwezedwa kale mu lole panja pa nyumba yachisoni ya pachipatala, amayi ayamba nyimbo.

"Mdala, bwanji osangouika mu lole mtandawo?" adafunsa Kingsley, osazimitsa injini.

"Mtanda wa membala si thumba la kachewere," adayankha a Timoteyo. "Lamulo ukulidziwa. Ndiwe wapampando."

Lamulolo adalikhazikitsa ndi a Timoteyo ndi a Rafaelo, chaka chimene adayambitsa kalabu ya akabaza ya Tisasiyane pa boma la Dedza. Membala akamwalira, tsiku limenelo palibe wonyamula munthu pasiteji. Onse amavala majekete awo achikasu n'kuperekeza maliro mpaka kumudzi, mabelu akulira. Patsogolo pamakhala mnzake wapamtima wa malemuyo, atanyamula mtanda, ndipo palibe wopitirira mtanda, kaya lole kaya njinga.

Koma zimenezo zidali za kale, onse akadapalasa. Tsopano mamembala adali atagula njinga zamoto, ndipo zakapalasa zidatsala ziwiri zokha, ya a Timoteyo ndi ya a Rafaelo. Kingsley yemweyo adabwera m'tauni kuchokera ku Kaphuka asakudziwa ngakhale kumata chubu, a Timoteyo n'kumuphunzitsa ntchito pa njinga yawo yomweyi. Lero amawatcha mdala. Zidali kuwawawa, koma chimene chidawadzutsa m'mamawa tsiku limenelo adali mawu a Rafaelo ali gone m'chipatala: "Timo, langa likadzafika, belu lidzalire mpaka pamanda. Mahutala aja amandipweteketsa mutu."

"Chabwino, tsogolani," adatero Kingsley, maso ali kumwamba. "Koma mitambo mukuionayo? Kwawo kwa malemu ku Kasina si pakhomo, ndipo adzukulu aimba kale foni kuti manda atha kukumba."

"Kuthamanga si kufika," adatero a Timoteyo, n'kukwera.

M'tauni zidayenda bwino. Anthu adaima m'mbali mwa msewu, abambo n'kuvula zisoti, a Sulemani n'kutuluka m'golosale mwawo kudzaima pakhonde manja ali kumbuyo. Belu la a Timoteyo lidali kulira lokha, ngrii ngrii, kumbuyo kukubwera lole ndi njinga zamoto m'mizere iwiri. Mtima wawo udakhala pansi. Rafaelo adali kutuluka m'tauni mwake monga adafunira.

Mavuto adayambira pachitunda choyamba cha mumsewu waukulu. Miyendo ya munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi siimva za malamulo a kalabu. A Timoteyo adaimirira pamapedulo, tcheni ikulira, thukuta likulowa m'maso. Kumbuyo mainjini adayamba kung'ung'udza.

"Agogo, tikafika lero kapena pa Khirisimasi?" adafuula mmodzi, ena n'kuseka, kuiwala kuti ali pamaliro.

Kingsley adabwera pambali, natambasula mwendo kuti awakankhe monga amachitira a njinga zamoto akafuna kuthandiza wopalasa. Nsapato yake idatera pamtanda penipeni, pa dzina.

"Chotsa phazi lakolo!" adakalipa a Timoteyo. "Ukuponda Rafaelo!"

"Ndiye tikuthandizeni bwanji, mdala? Kukankha mwakana, lole mwakana. Mvula ikalowa m'manda mukayankha ndinu?"

"Ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame, Kingsley."

Dalaivala wa lole sadadikire kuti mkanganowo uthe. Adaimba hutala kawiri, n'kupatuka, bokosi n'kudutsa a Timoteyo, nyimbo ya amayi n'kumka nichepa. Njinga zamoto zidatsatira imodzi imodzi, ena akuyang'ana kumbali ngati sakuwadziwa.

"Tikakudikirani pa Linthipe," adatero Kingsley, nayenso n'kupotokola chogwirira.

A Timoteyo adakhulupirira. Adapalasa ngati akuthawa moto, belu osalisiya, ngakhale padalibenso maliro owaimbira. Anthu a m'njira adangodabwa kuona mkulu wa jekete yachikasu, mtanda kumbuyo, akuimba belu mumsewu wopanda munthu.

Pa Linthipe adapeza matebulo a tomato ndi kabichi basi.

"Maliro aja? Adutsa kalekale, bambo," adatero mayi wina wogulitsa anyezi. "Sanaime n'komwe."

Mvula idawapeza atangosiya phula. Matope adadzaza m'madigadi mpaka matayala kukana kuzungulira. Adatsika, n'kumakolokosa ndi kamtengo, kukankha pang'ono, kukolokosanso. Adavula jekete n'kufunditsa mtanda kuti penti ingasuluke, iwo n'kunyowa mpaka mkati.

Polowa m'mudzi adakumana ndi anthu akuchokera kumanda. Njinga zamoto zidali ndandanda pansi pa mtengo wa mango, eni ake atabisala pakhonde, mbale zili m'manja. Mayi Anjelina, mkazi wa malemu, adali atakhala pamphasa m'nyumba ya siwa. Atamva kuti a Timoteyo afika, adawaitanitsa pakhomo.

"Alamu, munali kuti?" adafunsa, mawu atasasa ndi kulira. "Akatekisiti anafunsa mtanda katatu. Mnzanu wagona ngati mlendo, pamutu palibe kanthu. Anthu akuti munapatukira pamowa pa Linthipe. Inu, alamu? Lero?"

A Timoteyo adatembenuka kuyang'ana Kingsley. Adangofuna mawu amodzi okha, akuti tinawasiya ndife. Kingsley adaweramira m'mbale mwake ngati mwagwera ntchentche.

"Koma a wapampando alankhula bwino kumanda," adatero mkulu wina wa m'mudzimo, pofuna kuziziritsa nkhani. "Akuti kalabu yanu siisiya munthu m'mbuyo."

Mawu amenewo ndiwo adawalasa kuposa bodza la mowa lija. Akadati anene zoona, ukadakhala mkangano pa siwa ya Rafaelo, ndipo Rafaelo adali atanyozeka kokwanira tsiku limenelo. Adangogwada, n'kupepesa mayi Anjelina mlandu umene sadapalamule, kenaka n'kupempha adzukulu awiri kuti awaperekeze kumanda.

Mtumbira udali wofiira, nkhata zitanyowa. Adzukulu adazika mtanda kumutu. A Timoteyo adakankhira njinga yawo pafupi, n'kuimba belu nthawi yaitali ndithu, mpaka chala kuchita dzanzi.

"Ndafika, Rafa," adatero. "Mochedwa, koma lalira."

Adatulutsa sipanala m'kachikwama ka pansi pa chishalo, n'kumasula belulo, n'kulimangirira pamtanda ndi mphira uja.

Pobwerera adapeza Kingsley akuwadikira panjira, atakankha njinga yake yamoto kuchoka pagulu.

"Mdala, musakwiye. Inali mvula. Tiyeni ndikutengeni, njinga yanuyi ibwera pa lole." Kenaka adaona chogwirira chili chabe. "Nanga belu mwasiya kuti? Mugwira bwanji ntchito m'tauni opanda belu?"

"Ndasiyira mwini wake. Ndidzaimbiranso ndani? Ndipo langa likadzafika, adzandiimbire ndani?"

Adapinda jekete yachikasu ija, yamatope momwemo, n'kuiika pathanki ya njinga ya Kingsley.

"Pamaliro anga musadzavutike kutseka siteji. Mudzagwire ntchito."

Adakankha njinga yawo kulowera ku Linthipe. Atafika paphula adakwera. Kutsogolo kudali amayi atatu atasenza nkhuni, atadzaza njira. Chala cha a Timoteyo chidapita chokha pamene pankakhala belu, n'kupeza chitsulo chozizira. Adatsika, n'kuyenda pambuyo pa amayiwo mpaka adapatuka okha.