Sikani ya Mjomba

Nditatsika basi yochokera ku Joni ndinkangomva ngati Mangochi yense akundiombera m'manja. Patha zaka zitatu, jekete lachikopa lili pathupi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ku Lungwena ana anandithamangira, amayi nthungululu. Ine Jaffalie ndafika!

Chimwemwe chinaduka mlongo wanga Ajira atandiuza kuti mwana wake Hidaya anagwa pa kabaza sabata yatha n'kumenyetsa mutu. Mwamuna wake Zubair anathamanga naye ku boma, kuchipatala china cholipira kumene kwabwera makina a sikani, aja munthu amalowamo chogona n'kumujambula m'kati mwa mutu. Anapeza kuti mutu uli bwinobwino.

"Anandifunsa ndani?" ndinakalipa. Kwathu kuno mwana ndi wa mjomba wake, bambo ndi mkamwini chabe. Ndinapsa mtima kuti mkamwini wandilanda ulemu wanga, ndipo ndinalumbira kuti mutu umenewo ujambulidwanso, ine nditaima pompo.

M'mawa ndinamuveka Hidaya diresi la ku Joni, ndinagula buku latsopano la kuchipatala lopanda mbiri, ulendo. M'minibasi tinkaimba, tikudya mandasi, ine ndikulengeza mpaka kwa kondakitala kuti mwanayu akukalowa m'makina. Kuchipatala ndinanama kuti wagwa dzulo, ndipo bodza linayenda bwino mpaka pakhomo la chipinda cha makinawo.

Hidaya, kamwana ka zaka zisanu, anangovula nsapato, kukwera yekha pabedi, manja pachifuwa, maso tsinzi.

"Osagwedezeka eti, anti Jacqueline?" anafunsa mwanayo.

Jacqueline, mayi woyendetsa makinawo, anayang'ana mwana, anayang'ana buku, kenako ine. Anaseka mpaka kugwira khoma. Nanenso ndinaseka, nanga n'kutani.

"Achimwene, iyi si kamera ya paukwati," anatero atapukuta misozi. "Makinawa amatulutsa cheza cholowa m'thupi, choposa cha ekisileyi kutalitali. Thupi la mwana ndi lanthete. Mukamamulowetsa kawirikawiri mukumuwonjezera chiopsezo cha khansa akadzakula. Ngakhale tsiku lija ndinachepetsa mphamvu chifukwa cha msinkhu wake. Akusanza? Akudandaula mutu?"

"Ayi. Wadya mandasi anayi."

"Bambo ake anabwera naye mwanayu atakomoka. Inuyo mwabwera naye chifukwa chiyani?"

Manyazi anandigwira, komanso mantha, poti ndinatsala pang'ono kumuvulaza mwana ndi ulemu wangawo.

"Mwati ndinu mjomba wake," anapitiriza Jacqueline. "Lamulani."

"Tsika, mama," ndinatero. Hidaya anatsika monyinyirika chifukwa ankaukonda ulendo wa pabedipo, moti ndinachita kumugulira fanta kuti andikhululukire.

Titafika kumudzi ndinapita kwa Zubair. Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, ndipo ndinamupatsa moni ndi manja awiri.

"Alamu, munachita bwino. Kungoti mukanandiuzako."

Zubair sanadzutse mutu. Analuma ulusi, n'kumanga mfundo.

"Tinakuimbirani kasanu tsiku limene lija, amjomba, mwana ali lende m'manja mwanga. Munatumiza meseji yoti muli bize, ndipo ngati ndi za ndalama tidikire."